Mbande Zoyera za Che Imedi

Che Imedi anamwalira m'mawa wa Lachiwiri, ndipo dzuwa lisanalowe tinali titawaika kale, monga amachitira Asilamu. Ine ndine Mkhristu, ndinaima kumbuyo. Dzulo kunali sadaka ya masiku makumi anayi kunyumba kwawo ku Chiuaula. Anaphika mpunga wogula, wa m'matumba ochokera kunja. Ndinadya pang'ono n'kunyamuka. Mwana wawo wamkazi ananditsatira mpaka pachipata.

"A Lazaro, inu munagwira nawo ntchito nthawi yaitali. Lembani kanthu, adzukulu adzawadziwe."

"Sukulu ndinalekera kwarta, kalasi yachinayi, mayi."

"Lembani za kwartazo."

Ndiye ndikulemba. Sindikometsa. Iwonso sankakometsa.

Tinkagwira ntchito m'kanyumba koyesera mbewu, kuseri kwa dera la Lulimile, kuno ku Lichinga. Tinkangoti laboratoryo. Zipinda ziwiri, ndi nyumba ya pulasitiki panja yokulitsiramo mbewu, imene tinkaitcha estufa. Ine ndinali wotsuka mabotolo. Che Imedi anali wa manja. Sukulu yawo sinapose yanga kwenikweni, koma ophunzira onse amene anadutsa pamenepo ankaima kumbuyo kwawo, manja kumsana, kuonerera.

Ntchito yake inali iyi. Mpunga ukatenga mimba, ngala isanatuluke, umadula phesi n'kuliika m'jeleira, ndiye kuti firiji, masiku angapo kuti lizizidwe. Kenako umang'amba kaduwa kalikonse ndi kachitsulo, n'kutulutsa timatumba ta mungu, tating'ono ngati mazira a nsabwe. Umatiyala m'botolo, pa phala lolimba la shuga ndi mankhwala. Pakatha mwezi timatupa, n'kukhala ngati kanyama. Pa kanyamako pamaphuka mbande. Mpunga wosachokera ku mbewu, wochokera ku mungu wokha. Ubwino wake, ankati, mtundu watsopano umakhazikika chaka chimodzi m'malo modikira dzinja ndi dzinja mpaka munthu kumera imvi.

Mbande zina zimaphuka zobiriwira. Zina zimaphuka zoyera ngati chinangwa chosenda. Zoyerazo sizikhala moyo. Zimadya shuga wa m'botolo, shuga akatha nazo zatha. Kuziika padzuwa n'kutaya nthawi.

Botolo likakhala lotsegula, munthu asayankhule. Ilo linali lamulo lawo. Ankati m'kamwa mwa munthu muli chuku chokwanira kupha munda wonse. Anatulutsapo mlendo wa taye wochokera ku Maputo chifukwa anatsokomola. Asanakhale pampando ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, katatu, ngati akukaswali. Zitsulo ankazipukuta ndi alikolo, moti tsiku lonse ankanunkha ngati pa chitubu cha kachasu.

"Shehe wanji wonunkha mowa?" ndinkawanena.

"Wangawu umathera m'manja. Wako umathera kuti?"

Nthawi imeneyo ndinkamwa.

Lamulo la akuluakulu linali lakuti mbande zoyera zizitayidwa kudzala. Che Imedi sankataya. Ankazizula ndi kachitsulo, imodzi imodzi, n'kuzikulunga m'pepala, n'kukazikwirira kuseri kwa estufa. Sanapempherepo, sananenepo mawu. Nditafunsa anati chinthu chimene wachibereketsa wekha suchitaya pamodzi ndi makoko a nthochi.

Kwawo kunali ku Meponda, kunyanja. Abambo awo anali asodzi, koma za abambo sankakamba. Ankakamba za amayi awo ndi mpunga wawo. Dzina lake Kafungo. Mpunga wautali, wa ndevu zofiira. Ukaphikidwa nyumba yachitatu inkadziwa kuti kwa uje kwabwera mlendo. Ine ndinaulawa kamodzi kokha, pa Idi, kunyumba kwawo. Sindidziwa kufotokoza zakudya. Ndingoti ndinapempha wina, ndipo ine sindipempha. Mpungawo amayi awo anaulandira kwa amayi awo, iwo n'kusiyira mlongo wa Che Imedi. Unkayenda kuchikazi, ngati munda womwe.

Koma Kafungo anali wofooka. Kunabwera matenda owotcha khosi la ngala, ndipo chaka ndi chaka anthu ankakolola mankhusu. Anayamba kuusiya. Che Imedi anatenga kachitini ka mbewu kwa mlongo wawo, anabzala m'estufa, n'kuukwatitsa ndi mpunga wina waufupi wosagwidwa matendawo. Dzinja lomwelo munda wa mlongo wawo unapsa wonse ndi matendawo, mbewu osatsala. Ana a ukwati umenewo, amene anali m'miphika m'estufa mwathu, ndiwo anatsala ndi magazi a Kafungo. Kuno ku Lichinga kumazizira, ngala zikatuluka zimakhala zopanda kanthu. Ndiye Che Imedi ankangogawa mapesi, kusamutsa mumphika uwu kupita mumphika uwo, kuti asafe. Chiyembekezo chonse chinali m'mabotolo.

M'mabotolomo Kafungo ankaphuka woyera.

Apa m'pamene panayambira ndewu yathu, ndipo inatenga zaka zitatu. Kale mphunzitsi wina wa ntchitoyi anawauza m'Chipwitikizi kuti mbande zoyera vuto lake ndi klorofila, chimene chimabiriwiritsa masamba. Che Imedi anasunga mawuwo. Tsiku lina anatenga chigubu cha javeli, mankhwala oyeretsa amene ndinkatsukira mabotolo, anawerenga pachikalata, anapeza mawu akuti cloro. Anabwera nacho kusinki.

"Iwe Lazaro, werenga apa."

"Ndawerenga."

"Kloro. Klorofila. Ndi anthu a nyumba imodzi awa. Javeli amayeretsa kanzu yanga, alephera bwanji kuyeretsa kamwana ka mpunga? Sutsukuluza bwino."

"Ndimatsukuluza kasanu."

"Tsukuluza kakhumi."

Ndinatsukuluza kakhumi. Manja anang'ambika. Mbande zinaphuka zoyera. Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Javeli. Javeli bwera kuno, Javeli watipheranso ana. Ngakhale amayi ogulitsa mandasi pachipata anayamba kundiitana choncho. Ndinawasonyeza mpunga wina, wa mtundu wa boma, umene unkaphuka wobiriwira m'mabotolo omwewo otsuka ine. Anati mpunga wa boma ndi chiguduli, umapirira chilichonse, pamene Kafungo ndi nsalu ya ukwati.

Mkulu wathu nthawi imeneyo anali mayi wachichepere wochokera ku Nampula, tinkangoti Enjinyeira. Anawauza kangapo kuti si javeli, ndi chibadwa cha mpungawo. Ankanena m'Chipwitikizi cha m'mabuku, mawu aatali. Che Imedi ankamvetsera mwaulemu, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Sim, senyora Enjinyeira." Akatuluka ankati amene analemba mabukuwo sanatsukepo botolo.

Chaka chachiwiri ndinadwala malungo sabata imodzi. Mabotolo anatsuka okha Che Imedi, ndi madzi otentha ndi sopo. M'gulu limenelo munaphuka mbande imodzi yobiriwira. Imodzi pakati pa zoyera zosawerengeka. Ananyamula botololo kudzandionetsa, kuliika pamphuno panga penipeni. Mbandeyo anailera ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Inakula pang'ono, yowonda, inatulutsa ngala yopanda mbewu, n'kufa. Enjinyeira anati zimachitika, imodzi imapulumuka mwamwayi. Che Imedi sanamve. Anali ataona ndi maso awo.

Zaka za kumapeto, laboratoryo itatsekedwa, ndinkawapeza pafupi ndi msika atakhala pa benchi la telala mnzawo. Manja aja anali atayamba kunjenjemera. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Kamodzi ndinati tipite ku Meponda tikafunse khomo ndi khomo, mwina wina anasunga kamtsuko padenga. Anati anapita kale kawiri, wapansi, mpaka midzi ya kumtunda kwa nyanja. Achikulire onse ankayankha mawu amodzi, akuti tinali nawo. Achinyamata ankafunsa ngati Kafungo ndi dzina la sopo. Anandiuza zimenezi akuyang'ana makina a telala. Kenako anafunsa za mwendo wanga umene unkandivuta, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso mpaka imfa.

Tsopano ndinene chimene chinachitika chaka chachitatu.

Ntchitoyo inali kutha. Amene ankaithandiza ndi ndalama ananena kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Mapesi m'estufa anali atakalamba, ena atafa, panatsala miphika khumi ndi iwiri. Enjinyeira anati miphika inayi isadulidwe. Itsikire ku Meponda kofunda, kwa mlongo wawo, ikabereke mbewu mwachibadwa. Mbewuzo zikanatuluka zosakanikirana, zina zazitali zina zazifupi, zofuna zaka zambiri kusankha, koma zikanakhalapo. Che Imedi anali akukana zimenezi kuyambira kale, ati kumeneko n'kumene kuli matenda. Ulendo uno anavomera pakamwa. Enjinyeira anamanga kansalu kofiira pa miphika inayiyo, n'kupita ku msonkhano ku Nampula sabata ziwiri. Galimoto inayenera kudzatenga miphikayo iye akabwera.

Mpunga sudikira msonkhano. Unatenga mimba iye kulibe, wonse pamodzi.

M'mawa umenewo ndinawapeza m'estufa ndi lumo. Miphika isanu ndi itatu anali atadula kale. Anaima pa ya nsalu zofiira.

"Javeli, ulendo uno sukhudza botolo lililonse. Nditsuka ndekha."

"Chabwino."

"Ndipo ndikufuna mungu wambiri. Ikatuluka imodzi yobiriwira pa botolo lililonse, tapulumuka."

"Imeneyo ndi ya Enjinyeira."

"Ndi ya amayi anga."

"Siyaniko umodzi, Che Imedi."

"Ukabereke chiyani ku Meponda? Ukapse khosi ngati wa mlongo wanga? Gwira apa."

Ndinagwira. Ndilembe zoona, poti mwiniwake kulibe. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kunyamula mphika umodzi kukaubisa kwathu, mphamvu ndinali nazo kuposa iwo. Koma zaka zitatu ndinali Javeli. Ndinkafuna adule zonse, atsuke okha, ziphuke zoyera, aone. Ndinagwira mapesi iwo akudula. Ndinawanyamulira mpaka ku jeleira.

Masiku otsatira anagwira ntchito imene sindinaionepo. Anaphika mabotolo mumphika wa nthunzi kawiri kawiri. Chigubu cha javeli anachitulutsa m'nyumbamo, chinakagona kwa mlonda. Ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana, kubwerera, kukhalanso. Maso anafiira. Palibe botolo ngakhale limodzi limene linachita chuku. Enjinyeira atabwera n'kuona ziputu, anakhala pansi pa khomo la estufa. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Zonse, papá?" Iwo anati zonse.

Ziputuzo tinazithirira kuti ziphukenso. Zinayesa. Koma chisanu chinafika msanga chaka chimenecho, pulasitiki ya estufa inali itang'ambika mbali ya kumphepo, ndipo mapesi okalambawo sanapirire. Pofika pakati pa Juni tinali kuthirira dothi.

M'mabotolo tinyama tija tinatupa bwino. Anatisamutsira pa phala lachiwiri, pansi pa magetsi. Tinadikira. Kansonga koyamba kanatuluka koyera. Anati n'koyamba. Sabata imeneyo zinatuluka zambiri, mashelefu atatu odzaza, zokongola, zoongoka, masamba ngati nthenga za kakowa. M'mawa uliwonse ankatenga botolo limodzi limodzi, kuliyang'ana pawindo, kulibwezera. Ine ndinkasesa pansi pamene ndasesa kale. Chimene ndinkafuna chija ndinachipeza, ndipo chinalibe kukoma.

Tsiku lina Enjinyeira anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Chinyanja chake chinali chothyoka, koma ulendo uno sanayankhule Chipwitikizi.

"Papá, m'tsamba muli timbewu tating'ono tobiriwira. Ndito timaphika chakudya ndi dzuwa. Timeneto tili ndi malangizo aketake m'kati. Mpunga umatilandira kwa mayi. Kwa mayi yekha."

"Nanga bambo?"

"Bambo ndi mungu. Iye sapereka. Ndiye mungu ukamakula, timbewu take timayamba kuwonongeka, malangizo aja amaduka, poti palibe adzawafune. Ife kuno timakakamiza bambo kubereka yekha. Mitundu ina timaupeza usanawononge zambiri. Wa magazi a Kafungo umawononga msanga. Ndi mmene unabadwira. Kloro ndi dzina chabe lofanana."

Che Imedi anayang'ana mbande zoyerazo. Botolo linali m'manja.

"Ndiye mukuti mwana ndi wa kuchikazi."

"Eya."

"Mwanangu, bwanji osanena choncho kale? Zimenezi aliyense ku Meponda amazidziwa. Mwamuna ndi tambala, amalira n'kupita. Ine zaka zitatu ndakhala ndikupempha mkamwini kuti andigawire munda wa eni ake."

Enjinyeira anayamba kulira. Iwo ayi. Anabwezera botolo pamalo pake, analitembenuza kuti chikalata chiyang'ane kutsogolo monga ankachitira nthawi zonse.

"Miphika inayi ija," anatero, "mbewu iliyonse ikanakhala ndi mayi wake."



Anabwera kusinki kumene ndinaima. Anavula chipewa. Munthu wamkulu, wa imvi, kuvulira chipewa wotsuka mabotolo.

"A Lazaro, ndinakulakwirani. Mabotolo anu anali oyera."

Aka kanali koyamba kunditchula ndi ulemu. Ndinkayenera kunena zanga pomwepo, kuti nanenso ndinagwira mapesi ndi mtima woipa. Sindinanene. Ndinati, "Ndamva." Mpaka anamwalira osadziwa. Mwana wawo adziwira pano.

Mbande zimenezo sanazikwirire msanga. Anazisamutsira pa phala latsopano, shuga akatha ankaphika lina. Ankadziwa kuti sizidzabiriwira. Enjinyeira sanawaletse. Anazidyetsa choncho miyezi inayi, Kafungo womaliza padziko, wamoyo koma wosatha kudzidyetsa. Tsiku lotseka laboratoryo anthu a magetsi anabwera kudzadula waya. Che Imedi anawapempha adikire amalize swala. Anadikira. Atamaliza anatsegula mabotolo onse, akuyankhula, koyamba m'moyo wawo kuyankhula botolo lili lotsegula. Ankandiuza za njira ya ku Meponda mmene inalili asanaikonze. Tinakulunga mbandezo m'nyuzipepala tonse awiri.

Kwa mlongo wawo anapita okha kukanena. Zimene anakambirana sindizidziwa. Mlongoyo pa maliro analipo, analira ngati wina aliyense.

Anali munthu wouma mutu. Anali ndi manja amene sindidzawaonanso. Sankanama, sankaba, sanachedwepo kuntchito. Anakonda chinthu chimodzi, ndipo anachipha yekha pofuna kuchipulumutsa. Adzukulu adziwe zonsezi, asasankhe.

Lero m'mawa ndinadutsa ku Lulimile. Nyumbayo ilipo. Anaibwereka munthu wogula mbatatesi m'midzi. Estufa inatsala nthiti zachitsulo zokha, wina wayanikapo zovala. Mpopi wa pasinki anazula, pabowopo anatsekapo chitsononkho. Mabotolo anatha kalekale, amayi a m'deralo amaikamo tsabola. Mwini mbatatesi anandipeza ndikusuzumira pakhomo.

"Mukufuna thumba, madala?"

"Ayi. Ndinkagwira ntchito muno."

"Munali chiyani muno?"

"Mpunga."

Anaseka. "Mpunga ku Lichinga? Kuno sumabereka, kumazizira."

Ndinati n'zoona. Anandilola kulowa. Chipinda cha Che Imedi mawindo anakhomapo malata, muli mdima ndi fungo la dothi. Mashelefu anawaphwasula, pakhoma pangotsala mabowo a misomali m'mizere. Matumba aunjikidwa mpaka kudenga. Pakona, pamene panali mpando wawo, thumba lina lang'ambika, ndipo mbatatesi zaphukira mumdimamo, mphukira zazitali zoyera. Zimenezo mukazitulutsa padzuwa zimabiriwira.